Achimwene Anga Ankadikira Kalata ya Amomoni

1

Kwathu kuno, kuseri kwa Nsanama, mukafunsa za Giladisi, dzina langa lenileni, palibe angakulozereni khomo. Funsani za Abiti Jimu, mayi uja amaseketsa anthu pamaliro mpaka anamfedwa kuiwala kuti amalira, ndipo ana omwe akuperekezani. Sukulu ndinalekezera Sabu B, tsiku limene aphunzitsi anandipeza ndikuyeserera kayendedwe kawo ka matewe. Chichewa ndimawerenga mochita kukwawa. Chizungu ndiye ndimangoona ngati nyerere zagwera mu ufa.

Mabodza oseketsa ndanena ambiri. Limodzi lokha silinaseketse munthu, ndipo limenelo sindinalinene ndi pakamwa, ndinalinena pokhala chete. Ndi limene ndabwera kudzakutulirani.

Mlongo wanga Japhet, wondiponda pamutu, amene anthu ankamutcha a Jimu potengera bambo athu, anakhala ku Bulawayo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akuphikira mzungu. Mkazi wake anamwalira komweko, kamwana kawo Leah n'kubwera kwa ine kali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinakalera ndine. Mwiniwake anabwerako mu 1974 ndi sutikesi imodzi ndi khalidwe lodabwitsa. Fodya iyayi, mowa iyayi, ngakhale tiyi amene.

"Achimwene, khukhi wosamwa tiyi ndiye wamtundu wanji? Mzunguyo ankakudyetsani mphepo?"

"Achemwali, bwana wanga anali wa mpingo wa Amomoni. Kumeneko tiyi saloledwa."

"Ndiye inu munalowa?"

"Ndinapempha. Anati ndidikire."

Lamulungu ankapita nafe kutchalitchi chathu, n'kukhala kumbuyo, n'kumaimba nawo. Koma Lachitatu lililonse ankavala jekete, ulendo wa kugolosale ya che Amidu, kumene makalata a m'mudzi mwathu ankafikira. Ankabwerako chimanjamanja, n'kutsegula sutikesi, n'kumawerenga timabuku ndi timapepala take chitseko chili chotseka.

Achinyamata a lero mumve bwino apa. Masiku amenewo a Mboni za Yehova anali atathamangitsidwa, ena ali kutsidya kwa Chiuta, ku Mozambiki, nyumba zawo zili phulusa. Mpingo wosadziwika kuboma sunkatchulidwa mokweza. Za m'sutikesimo tinkadziwa ndife atatu okha, ine, Leah ndi mwiniwake.

2

Mu 1978 Leah anapeza mwamuna. Dzina lake Feston, mphunzitsi, mwana wa a Fabiano, mkulu wa mpingo wathu womwewu koma wa ku Balaka. Chinkhoswe chinayenda bwino, ukwati anauika mu Okutobala, ndipo m'tchalitchi anali atalengeza kale kamodzi. Kunatsala kawiri.

Amake Feston anabwera kudzationa. Potsanzikana ndinati mlendo wa m'tauni asabwerere opanda kanthu, akatinena kuti ndife amphawi. Ndinali ndi matemba a ku Chiuta, onona. Chokulungira ndiye panalibe.

Sutikesi ija ine ndinkaidziwa njira yake. Munali timapepala topyapyala, tokoma kupichirira fodya wanga, ndipo ndinkasolola kamodzikamodzi cha pansi achimwene akapita kudimba. Tsiku limenelo ndinasankha pepala lalikulu, lolimba, lopindidwa kanayi. Ndinakulunga matemba, n'kumanga ndi luzi.

"Mayi, mukadye ndi abambo. Mukawauze kuti nsomba za kwathu zimabwera zitavala suti."

Anaseka mpaka kugwira chitseko. Patatha masiku anayi a Fabiano anatsika basi pa Nsanama, nkhope ili gwa, pepala lija lili m'thumba la jekete, likununkha matemba.

3

Tinakumana m'nyumba mwa a Hilary, mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo wa kwathu kuno, amenenso anali nkhoswe ya Leah. Unali mwezi wa Sepitembala koma anatseka ndi mawindo omwe. Tinalimo anayi, a Fabiano, a Hilary, achimwene ndi ine, thukuta lili kamukamu.

A Fabiano anayala pepalalo patebulo. "Iyi ndi kalata ya mu 1975, yochokera ku Bulawayo, kwa bwana wanu wakale. Dzina lanu lili pamwamba. Ndimasulire kuti mayiwa amve zimene anakulungira nsomba. Akuti munthu wakuda sangakhale wansembe mumpingo wawo, sangalowenso m'kachisi wawo, chifukwa ali ndi chizindikiro cha temberero la Kaini. Akuti mudikire, Mulungu adzatsegula pa nthawi yake." Anadzitsina pamkono. "A Jimu, khungu ili ndi temberero?"

"Sindinanene ine zimenezo."

"Koma mwazisunga zaka zitatu ngati setifiketi. Ine Lamulungu ndikaima pagome ku Balaka, ndikawerenga kalatayi, anthu amve."

A Hilary anavula magalasi. "Chiphunzitsocho n'chonyansa, sindikukana. Koma mukakawerenga, dzina la munthu lili pamwambapo, mukuganiza kuti anyamata a chipani a malaya ofiira aja akasiyanitsa Mmomoni ndi wa Mboni? Kwa iwo yonseyo ndi mipingo ya m'sutikesi. Lolemba likamafika nyumba ya a Jimu ikufuka utsi."

"Ndiye tikhale chete chifukwa cha mantha? Nkhosa zathu zimve kwa ndani kuti udzu uwu ndi wakupha?"

"Nkhosa zake ziti? Mpingo wonsewo m'Machinga muno ndi munthu mmodzi, uyu wakhala apayu, ndipo ngakhale iyeyu sanamulandire. Komanso tisathamangire kufukula manda a anzathu, athu omwe akununkha. Ine ndili mnyamata kumishoni, kunyumba ya abusa achizungu tinkalowera kukhitchini. Mipando yakutsogolo inali yawo. Pamgonero ankayamba iwo kumwa, chikho chisanakhudze milomo yathu. Tinawadzudzula pagome liti?"

"Amenewo anali makhalidwe oipa a anthu, aphunzitsi. Awa akuti ananena ndi Mulungu. Kunamizira Mulungu ndi mlandu wina."

A Hilary anavalanso magalasi. Pamenepo anali atawagwira.

Ndinati ndipepuze nkhani. "Abale, ngati ife ndife a Kaini, ndiye m'Balaka monse muli pachibale, ukwatiwu ndi wa pachisuweni."

Palibe anaseka. Kanali koyamba m'moyo wanga.

"A Jimu," anatero a Fabiano, mawu atatsika, "anthu okutukwanani chonchi munawakonderanji?"

Achimwene anayang'ana pansi. "Amake Leah akudwala, dona wa mzunguyo ndi amene ankawasambitsa. Manda anakumba nawo bwanayo, ndi manja ake. Anandiuza kuti kwawoko banja silithera kumanda, amalimanga m'kachisi mpaka muyaya. Ine ndimangofuna ndikawapeze amake Leah akadali anga."

"Popemphera munkakhala pati?"

"Kukhitchini. Chitseko ankachisiya chotsegula."

A Fabiano anapuma mozama. Sanali munthu woipa, anali munthu wopsa mtima pa chinthu choyenera kupsera mtima. Pomaliza iwo ndi a Hilary anagwirizana chonchi. Lamulungu la chilengezo chachitatu, achimwene akaime pamaso pa akulu a mpingo okha, m'kachipinda, akakane mpingowo, akapereke za m'sutikesi zitenthedwe. Akatero kalata siwerengedwa ndipo ukwati ulipo. Akapanda kutero, ukwati watha, ndipo a Fabiano akwera pagome.

4

Masabata awiri amenewo pakhomo pathu panali ngati pagwa maliro obisa. Anzanga a kuchitsime ankandifunsa za diresi la mkwatibwi, ine n'kumawayankha ndi nthabwala. Kuuza munthu sikukanatheka. Khutu lililonse linali ndi mwini wake.

Leah anasiya kudya. Nditamunyengerera ndi phala, anandiyang'ana maso ali psuu.

"Azakhali, munandilera ndi manja anu, mwandiphanso ndi matemba anu."

Kwa bambo ake ndiye unali ulemu wokha. Ankangowapatsa madzi osamba atagwada, n'kuchoka.

Lachinayi lomaliza ndinawapeza achimwene pakhonde akusenda mtedza. Za sutikesi sanandikalipirepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa mbama.

"Achimwene, mwaganiza zotani?"

"Ndikakana zofuna zawo, anyamata aja abwera, mwana wanga akhala mbeta. Ndikavomera, ndawataya amake Leah kachiwiri." Anaponya makoko pansi. "Pakanabwera kalata imodzi yokha, achemwali. Imodzi, yoti khomo latseguka. Ndikanaima pamaso pa a Fabiano n'kuwauza kuti taonani, sindinadikire pachabe. Kaya andimange, kaya atenthe."

"Ngakhale ukwati wa Leah uthe?"

Anaswa mtedza wina. "Mulungu akanamupatsa wina. Koma zaka zitatu kuli zii. Dzulo ndinapitanso. Che Amidu angondiona patali amayamba kupukusa mutu."

Ndinatsamwa ndi mtedza. Anandimenya pamsana, n'kundipatsa madzi. Sunali mtedza, abale anga.

5

Apa ndiye pali mlandu wanga. Za matemba zija zinali kamwana chabe.

Mwezi wa Julaye chaka chomwecho ndinapita kugolosale kukagula mchere. Che Amidu anali ku Chiuta kokaoda nsomba, m'sitolo muli akazi awo, a Salima, ali ndi pakati potopa. Anandipatsa kalata ya achimwene kuti ndiwatengere. Sabata yomweyo iwo anapita kwawo ku Ntaja kukachira, nkhani ya kalata n'kupita nawo.

Inali kalata ya ndege, ya buluu, ija imadzipinda yokha popanda envulopu. Guluu wake anali atamatuka kale, pakuti makalata akunja masiku amenewo ankafika atayamba aonedwa ndi maso ena. Kunja kunali kamvula kowaza, kozizira. Chibaba cha fodya chinandigwira panjira. Fodya ndinali naye, machesi ndinali nawo, pepala ndinalibe. Ndinati ndingong'amba kam'mphepete, kopanda malemba.

Pepala limenelo, Mulungu andikhululukire, linkayaka bwino kuposa onse amene ndinasutapo.

Nditatha, ndinatambasula n'kuona kuti ndadula ndi malemba omwe. Ndinachita mantha. Ndinati ndiwapatsa mawa, ndikapeza bodza labwino. Mawa lakelo bodza silinapezeke. Ndinaibisa m'kachitini kanga ka fodya. Ndiye mukudziwa, mbuzi ikathyoka mwendo anthu amayamba kunola mipeni. Kalata yovulala kale ndinkaing'amba pang'onopang'ono, n'kumadziuza kuti ndi moni chabe wa mzungu. Pofika Sepitembala inali itatsala theka.

Lachisanu, mawu a achimwene akundilira m'makutu, ndinamva kuti Feston wabwera pa Nsanama kwa telala kudzayesa suti. Ndinamuitanira kuseri kwa sitolo. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, ndipo poti Leah ndinalera ndine, mnyamatayo anandifulatira, inenso n'kumufulatira. Kalata ndinamupatsira chakumbuyo.

"Aphunzitsi, tandiwerengerani nyererezi. Motsitsa."

Ndinamva akutambasula pepala. "Akuti, Japhet wokondedwa, tili ndi uthenga wabwino. Apa padulidwa. Akuti mwezi wa Juni atsogoleri athu alengeza. Padulidwanso. Mwamuna aliyense woyenera, posayang'ana khungu. Kenako pali mawu oti unsembe, ndi oti kachisi." Ndinamva akutembenuza pepalalo. "Akuti tasamuka, utiyankhe msanga, keyala yathu yatsopano ndi iyi. Azakhali, keyalayo ili kuti?"

"Ndinasuta."

Feston anaiwala mwambo. Anatembenuka, inenso ndinatembenuka, tinayang'anana maso ndi maso ngati akuba awiri okumana m'nkhokwe imodzi. Tonse tinkadziwa chimene kapepalako kakanachita kakanafika pakhonde paja. Achimwene akanakana kukana. A Fabiano akanakwera pagome. Leah akanapinda diresi.

"Bambo anga sangasinthe," ananong'ona. "Anena kuti wakutukwana zaka zonsezi sasanduka m'bale chifukwa choti wasiya kutukwana."

"Nanga inu mukuti bwanji?"

Anapinda kalatayo bwinobwino, n'kuiika m'dzanja langa, n'kundifulatiranso.

"Azakhali, ine Chizungu cholemba pamanja chimandivuta. Sindinawerenge kanthu."

6

Lamulungu ndinamanga kachitini kaja kumsonga ya chitenje. Ndinati mwina Mzimu undigwira panjira. Akulu a mpingo analowa m'kachipinda chakuseri mapemphero asanayambe, a Fabiano ali pomwepo ngati mlendo. Ine ndinaima panja pafupi ndi windo, ngati ndikuchotsa chisoso pachitenje.

Achimwene anaika sutikesi pansi, n'kuimirira, chipewa chili m'manja.

"Abale, ndagogoda zaka zisanu ndi zitatu. Mwini nyumba sanatsegule. Masiku ano sayankha n'komwe. Ndazindikira kuti sandifuna. Ndabwerera."

Sananene kuti mpingowo ndi wabodza. A Fabiano anafuna kutsegula pakamwa, a Hilary n'kuwagwira bondo. Patebulo panali ketulo ya tiyi wa akulu. A Fabiano anathira m'kapu, n'kuika shuga masipuni awiri, n'kuwapatsa achimwene ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Tamwani, asewere."

Dzanja langa linali pa mfundo ya chitenje. Ndinali nditayamba kumasula. Windo linali lotsegula, mawu anali pakhosi. Nthawi yomweyo m'tchalitchi kwaya inayamba kuyeserera, ndipo pamwamba pa onse ndinamva mawu a Leah, mwana amene ndinamuchotsa matekenya ndi singano yanga.

Ndinamanganso mfundo.

Achimwene anamwa tiyi yense, maso ali otseka, ngati mankhwala a malungo. Mapepala anawatenthera kuseri kwa chimbudzi, a Hilary akuyang'anira njira. Chilengezo chachitatu chinaperekedwa. Ku Balaka a Fabiano analalikirabe za anthu onamizira Mulungu kuti amasankha khungu, koma dzina la munthu sanatchule.

Paukwati ndinavala jekete la malemu amuna anga ndi nsapato zosiyana, ndinavina mpaka fumbi kutsokomola. Anthu mpaka lero amati ukwati wa Leah unakoma chifukwa cha Abiti Jimu.

7

Zaka khumi ndi chimodzi. Lachitatu linasanduka tsiku wamba. Jekete la kugolosale linadyedwa ndi njenjete. Wailesi achimwene analibe, nyuzipepala kwathu sinkafika, ndipo za Amomoni ndani akanawauza? M'mawa uliwonse ankati, "Achemwali, tiyi," ine n'kuwathirira. Kapu iliyonse inkandiotcha ineyo.

Feston sanandiyang'anenso kumaso. Anthu ankamutama kuti mkamwini waulemu chonchi sanaonekepo.

Kangapo ndinafika nako kachitini mpaka pakhomo pawo. Ndinkabwerera. Poyamba ndinkati ndidikire Leah abereke. Kenako ndinkati ndidikire a Fabiano atsogole. Kenako ndinangozolowera, monga munthu azolowera mwala wa m'nsapato.

Mu 1989 achimwene anadwala chifuwa chosamva mankhwala. Tsiku lina masana ndinawagoneka pakhonde kuti awothere dzuwa. Miyendo inali itatupa. Ndinaona kuti ndikadikiranso ndidzaulula kwa mtanda wa pamanda.

"Achimwene, ndili ndi katundu wanu. Wachedwa pang'ono."

"Wachedwa bwanji?"

"Basi yake inafera panjira. Zaka khumi ndi chimodzi."

Ndinawapatsa kachidutswa ka kalata kaja, n'kufotokoza zonse, kuyambira kamvula kaja mpaka windo lija. Feston yekha sindinamutchule, ndipo akawerenga pano andikhululukire, tonse takalamba. Achimwene anaitanitsa magalasi. Anawerenga kachidutswako katatu, chala chikutsata mzere mpaka pamene pathera pepala, n'kumapitirira pang'ono m'malere.

"Juni," anatero. "Ndiye tiyi wa a Fabiano uja ndinamwa khomo lili lotsegula."

"Eya."

"Inu muli pawindo."

"Ndili pawindo."

Ndinadikira kuti anditemberere. Ndinkafuna anditemberere. Iwo anangoyang'ana kubwalo, kumene nkhuku zinkapalasa.

"Achemwali, mbali imene munasutayo. Munalibe mawu oti tinalakwa? Oti pepa Japhet, tinakunamiza, khungu lako silinali temberero?"

"Achimwene, mukufunsa ine? Wa Sabu B?"

Anayamba kuseka. Anaseka mpaka chifuwa kuwagwira, misozi ili chuchuchu, ine ndikuwasisita pamsana, osadziwa ngati ndiseke nawo kapena ndilire.

"Ndiye palibe adzadziwe," anatero atapeza mpweya. "A Fabiano akanati munalibe. A Hilary akanati mwina munali. Umboni wake uli m'mapapo mwanu."

Kuti andikhululukira sananene. Kuti sanandikhululukire sananenenso. M'mawa mwake nditabwera ndi ketulo anaika dzanja pakapu. "Madzi okha," anatero. Anamwa madzi okha masabata atatu, mpaka tsiku limene anatisiya.

*

Owerenga anzanga, a Fabiano ndi a Hilary anakangana nkhani imeneyi mpaka onse kulowa m'manda. Wina ankati choipa chitchulidwe dzina lake pagulu, chingakhale cha mpingo wa eni. Wina ankati uyambe waona khosi la munthu amene ali pansi pa mwala ukufuna kugubuduzawo. Ine ndinawamva onse awiri ndipo sindinapeze wabodza. Koma iwo ankakangana poyera, aliyense ndi pakamwa pake. Ine ndinaweruza mlandu wa munthu wamkulu ndekha, kuseri kwa sitolo ya telala, mwiniwake osadziwa kuti mlandu wazengedwa.

Leah ali pabanja mpaka lero, ana anayi, ndipo mmodzi ndi Giladisi. Ndikawaona ndimati ndinachita bwino. Ndikadutsa pamanda ndimati ndinaba. Mukanakhala inu pawindo paja, mfundo ili m'manja, mukanamasula? Musandiyankhe msanga. Amene amayankha msanga sanalerepo mwana wamasiye.

Chimene ndinatha kuchita ndi chimodzi. Powaveka achimwene ulendo womaliza, ndinapempha amuna osambitsa maliro kuti aike kachidutswa kaja m'thumba la malaya awo. Anandifunsa kuti n'chiyani. Ndinati ndi kalata yawo, akaonetse pachipata, ndipo akakawafunsa za theka linalo akanene kuti linatsogola kale kumwambako, mlongo wawo analitumiza pa utsi.